Kwa a Netanyahu: tiyeni tiwerenge amene anabwerako ndi moyo

Kwa a Benjamin Netanyahu, Nduna Yaikulu ya dziko la Israel, pamodzi ndi nduna zanu zoona za chitetezo.

Bwana,

Kalatayi ikuchokera ku Malawi. Alangizi anu angathe kukukumbutsani kuti mu 1973, pamene mayiko ambiri a mu Africa anakufulatirani chifukwa cha nkhondo ya chaka chimenecho, dziko lino, pansi pa a Kamuzu Banda, silinathetse ubale wake ndi Israel. Mu 2024 tinatsegulanso ofesi ya kazembe ku Tel Aviv nkhondo ya ku Gaza ili mkati. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti wolembayu si mdani wanu, komanso sakulowerera za eni. Pa 25 Novembala 2023 ndege inanyamula achinyamata athu 221 kupita kukagwira ntchito m'minda ya kwanuko, ena n'kutsatira pambuyo. Ntchito zimene anakazipezazo zina zinasiyidwa ndi anthu a ku Thailand, amene ena anaphedwa, ena anagwidwa, ena anabwerera kwawo ndi mantha zitachitika za pa 7 Okutobala 2023, tsiku limene Hamas, gulu la Apalestina limene linkalamulira Gaza, inaukira Israel n'kugwira anthu ngati chikole. Ndiye funso lakuti boma la Israel limatani munthu akagwidwa ndi adani ake, ife likutikhudza pakhomo penipeni.

Kwa zaka ziwiri munkabwereza mawu amodzimodzi: kuti chimene chidzabweze ogwidwa ndi kupanikiza Hamas ndi mfuti ndi mabomba. Munkanena ku nyumba ya malamulo, pa wailesi ya kanema, ngakhale pamaso pa makolo akulira. Wina akatsutsa, yankho linali lakuti dikirani muone. Tadikira. Pa 13 Okutobala 2025 anthu 20 omaliza amene anali ndi moyo anatuluka mu Gaza, choncho palibenso mantha akuti tikalankhula tiika moyo wa wina pachiswe. Tsopano tingathe kuwerenga.

Ndisanayambe, mlandu woyamba ndiuike pamene uyenera kukhala. Hamas ndi magulu anzake ndiwo anapha anthu pafupifupi 1,200 tsiku limodzi, n'kukokera ku Gaza anthu 251, pakati pawo khanda losakwana chaka ndi nkhalamba zoyendera ndodo. Kusunga munthu ngati chikole n'koletsedwa m'malamulo a nkhondo a ku Geneva a 1949, ndipo kuzunzika kwa Apalestina, kumene n'kwakukulu ndithu, sikuyeretsa mchitidwe umenewo. Koma iwo sindikuwalembera. Amene analumbira kuteteza anthu amenewa ndinu.

Asilikali anu anapulumutsa anthu 8 ali moyo. Ori Megidish kumapeto kwa Okutobala 2023. Fernando Marman ndi Louis Har ku Rafah mu Febuluwale 2024. Anayi a ku Nuseirat mu Juni. Farhan al-Qadi mu Ogasiti. Atha pamenepo. Amene anatuluka ali moyo chifukwa chakuti amkhalapakati a ku Qatar, Egypt ndi America anapirira kuyenda uku ndi uku ndi mauthenga, a Red Cross n'kukawatenga pa galimoto, ndi oposa 150. Sabata imodzi yokha ya kumapeto kwa Novembala 2023, mfuti zitakhala chete, inabweza anthu 105. Onse amene nkhondo ya zaka ziwiri inawalanditsa ndi mphamvu sakufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a sabata imeneyo.

Akanakhala kuti mabombawo analephera chabe kuwombola anthu, bwenzi tikungoti munayesa. Koma pali anthu amene nkhondoyo inawapha pamene akanatha kukhala ndi moyo.

Pa 15 Disembala 2023, m'dera la Shejaiya, anyamata atatu anatuluka m'nyumba ina atavula malaya kuti aliyense aone kuti sanamangirire bomba m'thupi. Mmodzi ananyamula ndodo yomangirira nsalu yoyera. Mayina awo ndi Yotam Haim, Alon Shamriz ndi Samer Talalka. Anali atakhala m'manja mwa owagwira kwa masiku oposa 60, owasunga aja atafa pa kumenyana, iwo n'kutsala okha m'mabwinja akufunafuna asilikali a kwawo. Anali atalemba pa nsalu, ndi zotsala za chakudya, mawu opempha thandizo, n'kupachika kuti odutsa aone. Asilikali anaona koma anati ndi msampha. Galu wa asilikali amene anali ndi kamera anali atajambula kale mawu awo masiku angapo m'mbuyomo, koma palibe amene anayang'ana zojambulidwazo nthawi ikadalipo. Atatulukira, msilikali anawombera, awiri n'kugwa pomwepo. Wachitatu anathawira m'nyumba akufuula m'Chiheberi kuti athandizidwe. Mkulu wa gululo analamula kuti asiye kuwombera, mnyamatayo anatuluka, msilikali wina n'kumumaliza.

Mkulu wa asilikali anu nthawi imeneyo, a Herzi Halevi, anavomera kuti kuwombera munthu wonyamula nsalu yoyera n'kuphwanya malamulo a gulu lankhondo lomwelo. Ine sindikufuna kupachika anyamata amene anakoka mfutiwo, poti nawonso anali ndi mantha awo. Funso langa lili kwa inu amene munawatuma. Kodi msilikali amafika bwanji poona munthu wopanda malaya, wa nsalu yoyera, n'kuwombera asanafunse? Amafika pamenepo ngati wazolowera kuti chilichonse choyenda m'deralo ndi mdani. Ndipo nkhondo imene nsalu yoyera siteteza Mpalestina, sidzatetezanso Mwisraeli wogwidwa, chifukwa patali onse amaoneka chimodzimodzi: munthu wowonda, wafumbi, wotuluka m'bwinja. Za atatuwa tinazidziwa chifukwa anali anu. Za ena amene anatuluka chimodzimodzi koma sanali anu, palibe amene anaitanitsa atolankhani.

Ena anafera pansi pa mabomba a ndege zanu. Mu Sepitembala 2024 gulu lanu lankhondo linavomera kuti n'zotheka kwambiri kuti Ron Sherman, Nik Beizer ndi Elia Toledano anafa chifukwa cha bomba limene linaponyedwa mu Novembala 2023 pofuna kupha mkulu wina wa Hamas, Ahmed Ghandour. Mabanja awo anadikira miyezi yambiri kuti auzidwe zimenezi. Amayi amene anamasulidwa mu Novembala 2023 anakuuzani pamaso mu Disembala kuti chimene ankaopa kwambiri ali kumeneko ndi mabomba a kwawo. Munamva ndi makutu anu.

Nuseirat ndiye munanyadira, ndipo sindingakane kuti amene anaona Noa Argamani akukumbatirana ndi bambo ake anagwetsa misozi. Pa 8 Juni 2024 iye pamodzi ndi Almog Meir Jan, Andrey Kozlov ndi Shlomi Ziv anatulutsidwa masanasana m'nyumba ziwiri za mu msasa wa othawa kwawo. Wapolisi wanu mmodzi, Arnon Zmora, anafa. Unduna wa za umoyo ku Gaza unati Apalestina 274 anaphedwa tsiku limenelo. Asilikali anu anati sanafike 100. Tengani chiwerengero chanucho ngati mukufuna, mudzapezabe kuti pa munthu mmodzi wopulumutsidwa panagona mitembo yambiri, ina ya ana ndi ya anthu amene anapita kumsika. Koma ngongole ya Nuseirat sinathere pa Apalestina okha. Mneneri wa gulu lankhondo la Hamas, Abu Obeida, anadzanena poyera kuti kuchokera tsiku limenelo alonda a ogwidwa anapatsidwa malangizo atsopano a zoyenera kuchita asilikali akayandikira. Aliyense anamva tanthauzo lake.

Kumapeto kwa Ogasiti 2024 asilikali anu analowa m'njira ina yapansi pa nthaka ku Tel al-Sultan, mu Rafah, n'kupeza mitembo 6: Hersh Goldberg-Polin, Eden Yerushalmi, Ori Danino, Alex Lobanov, Carmel Gat ndi Almog Sarusi. Anawomberedwa pafupi, tsiku limodzi kapena awiri asilikali asanafike. Anthu amenewa anapirira pafupifupi miyezi 11 m'manja mwa owagwira, pamapeto pake mumdima, m'malo moti munthu sangaimirire bwinobwino. Hersh anapirira ndi mkono woduka. Njala anaipirira, matenda anawapirira. Chimene chinawatha ndi kuyandikira kwa owapulumutsa. Kafukufuku wa asilikali anu omwe anavomera kuti kupezeka kwawo m'deralo kunakhudza ganizo la alonda aja. Wopha ndi Hamas, inde, ndipo mlanduwo sudzawachoka. Koma munthu akakuuziratu kuti ukasendera ndimupha, iwe n'kusendera, sungaime pamaliro n'kumati sindinadziwe.

Chimene chimandipweteka pa nkhani ya anthu 6 amenewa ndi masiku ake. Pa 31 Meyi 2024 Pulezidenti Joe Biden analengeza dongosolo la magawo atatu loleka kumenyana ndi kusinthana ogwidwa ndi akaidi, ndipo pa 10 Juni bungwe la chitetezo la United Nations linaligwirizana nalo. Manyuzipepala a kwanu komweko analemba kuti ena mwa 6 aja anali pa mndandanda wa oyamba kutuluka. Sabata yomwe iwo ankaphedwa, nduna zanu zinali pa msonkhano kuvotera kuti asilikali asachoke m'kanjira ka m'malire a Gaza ndi Egypt kotchedwa Philadelphi, mfundo imene inkatsekereza zokambirana. Nduna yanu ya chitetezo, a Yoav Gallant, anakana okha, n'kukuchenjezani kuti mukuika ogwidwa pangozi. Mu Novembala munawachotsa ntchito. Mu Januwale 2025 munasaina mgwirizano wosasiyana kwenikweni ndi uja wa Meyi. Pamenepo nduna yanu ina, a Itamar Ben-Gvir, anadzitama okha kuti chaka chonse iwo ndi anzawo ndiwo ankalepheretsa mgwirizanowo mobwerezabwereza. Si adani anu ananena zimenezo, Bwana. Ndi munthu wokhala nanu pa tebulo limodzi.

Ndikudziwa kumene chikhulupiriro chanu chinachokera, ndipo pamenepa ndilankhula mofatsa chifukwa pali imfa ya m'banja. Pa 4 Julayi 1976 asilikali a Israel anatera usiku pa bwalo la ndege la Entebbe ku Uganda, kuno ku Africa, n'kulanditsa anthu oposa 100 amene anagwidwa ndege yawo italandidwa. Msilikali yekhayo wa gululo amene anafa anali mkulu wanu, Yonatan. Kuyambira tsiku limenelo dziko lonse linaphunzira kuti ogwidwa amakatengedwa ndi mfuti, ndipo inu munaphunzira kuposa wina aliyense. Koma taonani mmene Entebbe inalili. Ogwidwa onse anali m'chinyumba chimodzi chodziwika, pamtunda, pambali pa msewu wa ndege. Owagwira anali ochepa. Anthu amene anamasulidwa masiku oyambirira anafotokoza za mkatimo, ndipo panali patangodutsa sabata imodzi. Ngakhale zinali choncho, ogwidwa atatu anafa pa kuwomberanako, mayi wachikulire Dora Bloch anakokedwa m'chipatala ku Kampala n'kuphedwa, ndipo Idi Amin anathira mkwiyo wake pa Akenya okhala mu Uganda chifukwa dziko lawo linakuthandizani. Ku Gaza kunalibe chinyumba chimodzi. Kunali anthu omwazikana awiriawiri, atatuatatu, m'nyumba za anthu ndi m'njira zapansi zotalika makilomita mazanamazana, m'manja mwa magulu osiyanasiyana, mlonda ali pafupi ndi chala pa mfuti.

Ndiponso mbiri yanu si Entebbe yokha. Ku Ma'alot, m'dziko lanu, mu 1974 asilikali anathyola sukulu imene ana ankasungidwamo ngati chikole, ana asukulu oposa 20 n'kufa. Mu 1994 anathyola nyumba imene Hamas inkasungiramo msilikali Nachshon Wachsman, iye n'kuphedwa, mtsogoleri wa omupulumutsawo n'kufanso. Kuno kumwera kwa Africa timakumbukira mphunzitsi wa ku South Africa, Pierre Korkie, amene anagwidwa ndi al-Qaeda ku Yemen. Bungwe la Gift of the Givers, lomwe Amalawi timalidziwa bwino pa nthawi ya madzi osefukira, linali litamaliza zokambirana ndipo linkayembekezera kuti atuluka mawa lake. Pa 6 Disembala 2014 asilikali a America anafika kudzapulumutsa mnzake, mtolankhani Luke Somers. Alonda anawombera onse awiri. Mkazi wa Korkie anali atauzidwa kale kuti mwamuna wake adya Khirisimasi kunyumba.

Muli ndi mayankho awiri, ndipo sindiwapeputsa.

Loyamba ndi Gilad Shalit. Mu 2011 inu nomwe munamasula akaidi 1,027 posinthana ndi msilikali mmodziyo, ndipo pakati pawo panali Yahya Sinwar, amene anadzakonza za pa 7 Okutobala. Mudzati: mwaona, kuwombola mmodzi lero n'kugulitsa chikwi mawa. Mfundoyi ndi yolemera. Koma ngati ndi imene inali mumtima mwanu, mukanaima pamaso pa mabanja n'kunena zoona: kuti dziko lasankha kusalipira mtengo umenewu, ndipo ana anu ena sabwera. Akanakudani, koma akanadziwa pamene aima. Nduna yanu ya zachuma, a Bezalel Smotrich, anayesako kunena poyera mu Epulo 2025 kuti kubweza ogwidwa si cholinga chachikulu koposa. Mawu owawa, koma osabisa. Inu munasankha kunena kuti nkhondo ndi kupulumutsa ndi chinthu chimodzi, pamene zinali zinthu ziwiri zokokerana kosiyana. Ndipo pamapeto pake mtengo munalipirabe: mu Okutobala 2025 munamasula akaidi pafupifupi 250 a zilango zazitali ndi anthu a ku Gaza pafupifupi 1,700 amene munkawasunga osawazenga mlandu. Munalipira mochedwa, ena amene mukanawawombola ali kale m'manda.

Lachiwiri ndi lakuti popanda kupanikizidwa Hamas sikanabwera pa zokambirana. Apa pali choonadi china. Gulu limene silikuopa chilichonse silifulumira kugonja, ndipo n'zoona kuti mgwirizano wa Novembala 2023 unabwera asilikali anu atalowa kale mu Gaza. Koma kuopseza kumagwira ntchito pamene mdani akudziwa kuti akavomera, mabomba aleka. Inu munkanena mobwerezabwereza kuti ngakhale abweze onse, nkhondo idzapitirira mpaka atheretu. Nanga munthu wouzidwa choncho angatulutsirenji chikole chake chomaliza? Pa 18 Malichi 2025 munayambiranso kuphulitsa gawo lachiwiri la mgwirizano lisanakambidwe, ndipo m'miyezi 7 yotsatira wamoyo mmodzi yekha ndiye anatuluka, Edan Alexander, amene Amerika anamukambirira okha popanda inu. Pa 9 Sepitembala 2025 munaponya mabomba mu Doha, likulu la Qatar, mzinda wa amkhalapakati, pa anthu omwewo amene amakambirana nanu. Chimene chinatulutsa 20 omaliza aja patangotha mwezi si bomba limenelo. Ndi pamene Pulezidenti Donald Trump, pamodzi ndi Qatar, Egypt ndi Turkey, anakakamiza mbali zonse ziwiri, inu nomwe, kuvomera kuti nkhondo iime. Kupanikiza kumene kunagwira ntchito kunagwera inunso.

Sindinatchule n'komwe anthu a ku Gaza oposa 60,000 amene unduna wa za umoyo kumeneko ukuti anafa, ambiri mwa iwo osadziwa ngakhale kumene wogwidwa mmodzi ankasungidwa. Imeneyo ndi kalata ina, ndipo makhoti ena akuiyang'ana kale.

Dziko la Thailand linasonyeza njira ina mwakachetechete. Silinatumize ndege zankhondo. Linatuma anthu kukalankhula ndi Qatar, Egypt, Iran ndi aliyense amene Hamas ingamumvere, ndipo mu Novembala 2023 nzika zake 23 zinatuluka popanda kusinthanitsa ndi mkaidi ndi mmodzi yemwe. Ena asanu anatuluka mu Januwale 2025. Anansi athu a ku Tanzania sanachite mwayi. Clemence Mtenga ndi Joshua Mollel, ophunzira zaulimi amene anali atangofika kumene m'mafamu a pafupi ndi Gaza, anaphedwa onse, ndipo thupi la Joshua linasungidwa ku Gaza zaka ziwiri makolo ake akudikira choika m'manda. Anyamata amenewa sankadziwa chilichonse cha mkangano wanu. Anapita kukaphunzira kuweta ng'ombe ndi kuthirira mbewu, monga momwe athu apitira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

N'chifukwa chake ndime iyi ndikuitembenuzira kwathu, kwa akuluakulu a ku Capital Hill, a Unduna wa za Ntchito ndi a Unduna wa za Maubale ndi Mayiko Akunja. Pamene munkasainirana zotumiza achinyamata, munakamba za malipiro ndi ndalama zakunja zimene zidzalowe m'dziko. Kodi munalembapo chilichonse cha tsiku limene Mmalawi adzagwidwe? Adzamulankhulira ndani? Kodi tili ndi khomo loti tikagogode ku Doha kapena ku Cairo, kapena tidzangodikira kumva pa wailesi? Kodi boma la Israel lidzatifunsa lisanatumize asilikali kumene mwana wathu akusungidwa, kapena tidzauzidwa ngati mmene anauzidwira mkazi wa Korkie? Mayankho ake makolo a ku Mzimba, Dowa ndi Mulanje ayenera kuwamva ana awo asanakwere ndege, ndipo Nyumba ya Malamulo ili ndi mphamvu yoitanitsa mapepala amene munasainawo.

Kwa inu a Netanyahu ndili ndi pempho limodzi, ndipo si lachilendo m'dziko lanu. Itatha nkhondo ya 1973 kunakhazikitsidwa komishoni yofufuza ya Agranat. Apalestina ambiri ataphedwa m'misasa ya Sabra ndi Shatila ku Lebanon mu 1982 kunakhazikitsidwa ya Kahan, ndipo inagwedeza nduna. Malamulo anu amalola komishoni yotere, imene mamembala ake amasankhidwa ndi mkulu wa khoti lalikulu, osati ndi boma limene likufufuzidwalo. Mabanja a ogwidwa ndi a ophedwa akhala akuipempha, inu mukuzemba. Ilekeni ikhale. Ndipo pa ntchito zake pakhale iyi: itenge dzina lililonse la munthu amene analowa mu Gaza ali moyo n'kutulukamo ali mtembo, inene tsiku limene anafa, chimene chinamupha, amene analamula kuti malowo aphulitsidwe kapena alowedwe, zimene ankadziwa polamulapo, ndi mgwirizano umene unali pa tebulo sabata imeneyo. Zimene idzapeze zisathere mu Chiheberi. Zitumizidwenso ku Bangkok, ku Kathmandu likulu la Nepal, ku Dodoma ndi ku Lilongwe, kumene kuli maboma amene anakupatsani ana awo kuti akulimireni.

Ndine,
Mmalawi, kholo, wa ku Lilongwe